Cenjezo la cigumula lifikenso kwa mnansi wosamva

Mvula ikakula kuno ku Insaca, madzi sacedwa kudzaza madambo a ku Ciuta ndi ku Cirwa. Cenjezo limabwera pa wailesi, pa cimkuzamawu, mwina ndi wenzulo. Zonsezi ndi za makutu. Nanga mnansi wanu wosamva adziwa bwanji? Usiku angathe kudzuka madzi atafika kale pamphasa.

Namondwe Freddy wa mu Marici 2023 munamuona. Pa nthawi ngati imeneyo, cenjezo la maso lilipo: mbendera zimene makomiti a INGD amakweza. Ya buluu ikuti namondwe angafike pa masiku awiri. Yacikasu, pasanathe maola 24. Yofiira, pasanathe maola 6. Koma mbendera ndi nsalu cabe kwa munthu amene sanauzidwe tanthauzo lake. Mufotokozereni lero, kunja kuli ngwee, mpaka mukamuonetse malo okwera othawirako.

Usiku mbendera siioneka, ndipo kugogoda pacitseko n’kutaya nthawi. Panganani ciyambire: muunike ndi toci pazenera katatu, kapena mulowe mum’gwedeze phewa. Ngati amawerenga, mulembereni SMS yaifupi: “Madzi akubwera. Tiyeni kusukulu.” Apa ndi pamene zilembo mukuphunzirazi zimagwira ncito.

Kucipatala mupite naye, koma musamuyankhire zonse. Ululu ali nawo ndi iye, aloze yekha. Namwino amuyang’ane kumaso polankhula, osakuwa ai. Malamulo akulu a dziko la Mozambique, ndime 125, akuti boma lithandize kuti cinenero ca manja ciphunziridwe. Inu yambani ndi zizindikiro zitatu: madzi, moto, thawa.