Kalongedwe ka Katundu pa Njinga ku Mongue

Munthu amene wayendapo m'misewu ya ku Mongue, m'boma la Milange la chigawo cha Zambezia, kumene dziko la Mozambique lachita malire ndi Mulanje pa Muloza, adziwa kuti njinga yakapalasa ndiyo miyendo ya anthu a kumeneko; pakuti mbandakucha, nkhungu isanachoke pa phiri la Tumbine, aphunzitsi, azaumoyo, akabaza ndi ogulitsa chimanga kapena nandolo amakhala atayamba kale kupalasa. Za matumba aakulu a chimanga opita kumsika zanenedwa kambiri. Ine ndifuna kulankhula za katundu wamng'ono, uja munthu anyamula tsiku ndi tsiku popita kuntchito ndi pobwerera, amene ambiri amponya m'jumbo nammangirira pakeliyala mosasamala, osadziwa kuti kalongedwe kake ndiko kadzaweruza ngati ulendowo udzakhala wamtendere kapena wolemetsa.

Ku Ulaya, kampani monga ya Ortlieb ya ku Germany, imene inayamba m'chaka cha 1982, imapanga zikwama zosalowa madzi zokoleka m'mbali mwa keliyala, china kumanja china kumanzere. Mtengo wake sutheka kwa mlimi wa kwathu, koma nzeru yake si yachilendo konse, popeza amene amatunga madzi panjinga anazindikira kalekale kuti zigubu ziwiri za malita 20, zikapachikidwa m'mbali molingana, zimayenda bwino koposa chigubu chimodzi chosanjikidwa pamwamba. Chotero chigubu chakale chodulidwa kukamwa, dengu lolukidwa mothina, kapena thumba la feteleza lochapidwa ndi kusokedwa kawiri, zonsezi zikhoza kugwira ntchito yomweyo, malinga munthu aike kamtengo kapena waya wolimba pakati pa chotengeracho ndi masipoko, ndiponso achikankhire kumbuyo pang'ono kuti chidendene chisachigunde popalasa.

Tsono polongedza, cholemera chitsike pansi, ndipo chiyandikire pakati pa gudumu. Chifukwa chake nchoonekeratu kwa yense amene anakwerapo chitunda njinga italemera kumbuyo: katundu akakhala pamwamba njinga imapendekera uku ndi uku, ndipo akapitirira kumbuyo kwa gudumu, tayala lakutsogolo limapepuka, chiwongolero nkuyamba kukana dzanja la mwini wake pamchenga kapena pamiyala. Njinga zambiri za m'dera lino, monga Hero yochokera ku India, nzolimba ndithu, zamagudumu aakulu a mainchesi 28; komabe kulimba kwa chitsulo sikuchotsa lamulo lakuti mbali ziwirizo zilingane, ndipo munthu wanzeru, asanakwere, amaimiritsa njinga naigwira pachishalo ndi dzanja limodzi kuti amve kumene ikukokera.

Pansi penipeni pakhale zida zokonzera, ndipo zisamatulukemo ngakhale pa Sabata: sipanala ya nambala 15 yomasulira gudumu, ya nambala 10, zigamba za chubu, guluu, kachidutswa ka sandipepala, timphira ta vavu, ndi supuni ziwiri zakale zosendera tayala, zonse zokulungidwa m'kansanza kamodzi kuti zisamalire panjira, kansanza komweko nkudzapukutira manja akada ndi girisi wa tcheni. Guluu akatsegulidwa amauma mosaonekera, choncho nkwabwino kumfinya nthawi ndi nthawi kunyumba, m'malo mokazindikira kutali ndi mudzi, dzuwa likupendeka, kuti m'kachubumo mwatsala mpweya wokha. Pampu imangidwe payokha pamene dzanja lifika msanga. Alipo amene amati adzabwereka kwa wodutsa. Koma makolo anati phukusi la moyo umasunga wekha, ndipo panjira za kumidzi wodutsayo akhoza kuchedwa kufikira mdima.

Chakudya chili ndi adani ake, ndiwo sopo ndi parafini. Mbatata yophika, chinangwa kapena mkute wa nsima zikhale m'kambale kotsekeka mbali imodzi pamodzi ndi botolo la madzi loimirira, ndipo zonunkha zonse zipite mbali inayo, pakuti ufa kapena shuga zikangomva fungo la sopo, palibenso mankhwala.

Koma chimene chindikhudza mtima koposa ndicho mapepala. Mvula ya kuno, kuyambira Novembala kufikira Malichi, imadza modzidzimutsa kuchokera kumapiri, ndipo mphunzitsi amene wanyamula makope a ana ake, kapena mayi amene wanyamula kabuku ka kusikelo, wanyamula chinthu chimene sipanala siingachikonze chikaonongeka. Inki ikasungunuka, thukuta la mwana la sabata yonse lapita, ndipo madzi akatayika saoleka. Nchifukwa chake mapepala, chitupa ndi foni ziyenera kulowa m'majumbo awiri, lina m'kati mwa linzake, kukamwa kwake kutapindidwira pansi, ndipo ziimirire kumbali yoyang'ana gudumu kumene sizingapindike, kutali ndi botolo la madzi. Ndalama zokha zikhale pathupi, mametikali pawokha ndi makwacha pawokha, monga achitira anthu a m'malire amene amagula kuno nagulitsa kutsidya.

Pamwamba pa zonse pakhale chimene chidzafunika mwadzidzidzi, ndicho chipepala cha pulasitiki kapena jekete ya mvula, chitenje chofunda kukazizira, ndi tochi ya pobwerera usiku. Pomaliza munthu amange ndi mphira wodulidwa ku chubu chakale, umene umagwira koposa chingwe cha khonje popeza umatamuka ndi mabampu, ndipo nsonga zake azilowetse bwino pansi pa mfundo, chifukwa mphira wolendewera ukakodwa m'masipoko potsetsereka umaimitsa gudumu nthawi yomweyo, wokwerayo nkugwa pamodzi ndi katundu wake yense.