KODI MITENGO IMAMERA YOKHA?
(Gawo lachitatu la nkhani ya maphunziro a ku yunivesite)

Sabata yatha tidakambirana za ulimi. Lero tiyeni titembenukire ku maphunziro osamalira zachilengedwe, amene ana asukulu ambiri amawaika kumapeto posankha zokachita ku yunivesite.

Tsiku lina mnyamata wa Folomu 4 adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi munthu n'kutha zaka zinayi akuphunzira za mitengo? Bambo anga akuti mitengo imamera yokha." Anzake adaseka. Ine sindidaseke, pakuti mawu omwewo adandiuzanso amalume anga tsiku limene ndinkamanga katundu kupita ku Bunda.

Kunena zoona, maphunzirowa si a mitengo yokha ayi. Chaka choyamba wophunzira amalimbana ndi masamu, biology ndi chemistry. Pambuyo pake amalowa m'thengo. Kumeneko tinkayeza kunenepa kwa mtengo pa mamita 1.3 kuchokera pansi, ndi kuwerengera nkhuni zimene nkhalango ingapereke chaka ndi chaka popanda kutha. Tinkapima dothi ndi madzi, kujambula mapu pa kompyuta, ndiponso kusanthula malamulo monga lamulo la nkhalango la 1997. Chaka chomaliza aliyense amachita kafukufuku wakewake.

Nanga phindu lake n'chiyani? Taganizirani za magetsi. Ambiri mwa magetsi athu amachokera mumtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mitengo ikatha kumtunda, mvula imakokolola dothi, matope amadzaza madamu, ndipo makina amafooka. Kumbukiraninso za Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, lomwe lidali litametedwa kale, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ngakhale mkungudza wa ku Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Akuluakulu adati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Komatu zoonongeka zina zimakonzeka pakapezeka anthu odziwa ntchito. Nkhalango ya Majete idatsala yopanda njovu ndi zipembere chifukwa cha opha nyama mozemba. Bungwe la African Parks litayamba kuiyang'anira mu 2003, nyama zidabwezedwamo n'kuswana, kotero kuti mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa ku Majete ndi ku Liwonde kupita ku Nkhotakota. Ntchito yotere siigwirika ndi mphamvu zokha; imafuna wodziwa kuwerenga nyama ndi kupima msipu.

Maphunzirowa amapezeka ku LUANAR, ku Bunda ndi ku NRC, komanso ku yunivesite ya Mzuzu. Ku Dedza kuli koleji ya zankhalango ndi nyama zakuthengo. Wofuna digiri ayenera kupeza makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo asamathawe masamu ndi sayansi.

Tsono ndisakunamizeni. Ntchito sizidikira munthu pachipata cha yunivesite, ndipo zikapezeka nthawi zambiri zimakhala kutali ndi tauni. Chovuta koposa ndi ichi: wootcha makala amene mudzakumane naye si chilombo, koma kholo lofuna fizi ya mwana wake. Kumulanda nkhwangwa n'kosavuta. Kumupezera njira ina yodyera ndiye mayeso enieni, ndipo mayankho ake amapezeka pabwalo la amfumu koposa m'buku.

Aphunzitsi anzanga, mmera m'poyamba. Tiyeni titulutse ana m'kalasi akaone chigwembe chimene chikudya munda kuseri kwa sukulu, ayeze kukula kwake mvula isanagwe ndiponso itatha.

Mnyamata uja ndidamutuma akafunse bambo ake kuti amayi ankatola kuti nkhuni iye asanabadwe, ndipo lero amakazitola kuti. Yankho limene adabwera nalo tidzayamba nalo sabata yamawa, pokamba za maphunziro a nsomba ndi chambo cha m'nyanja yathu.