Bwalo la Dionysus ndi Mabwalo a Kunyanja

Zisudzo za Agiriki zinaphukira pa chikondwerero chomwe anthu a mumzinda wa Athens ankachita chaka ndi chaka polemekeza Dionysus, mulungu wawo wa vinyo, ndipo mbiri imati mpikisano wa cha m'ma 534 BC anaupambana Thespis, yemwe anapatuka pakati pa oimba nayamba kuyankhulana nawo atasanduka munthu wina. Oimbawo, omwe tingawatche kwaya, ankavina pabwalo lozungulira owonerera atakhala pamtsetse wa phiri, ndipo bwalo la ku Epidaurus, lomwe likadalipo, linkakwana anthu pafupifupi 14,000. Mlembi wa zisudzo Aeschylus anawonjezera wosewera wachiwiri, mlembi mnzake Sophocles wachitatu, osewera onse ali amuna ovala zigoba kumaso, kotero kuti mmodzi ankatha kukhala mfumu, mthenga ndi mkazi m'sewero limodzi.

Kwa munthu wa ku Mangochi zimenezi si zachilendo, ngakhale kuti magule akuno sanachokere ku Greece. Beni, gule wa Ayao yemwe anafala itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amatsanzira perete wa asilikali a atsamunda, ovina atavala mayunifolomu ndi nyota, pomwe amayi akuvomera nyimbo monga inkachitira kwaya ya ku Athens. Zigoba za Gule Wamkulu zosungidwa ku Mua, kufupi ndi Mtakataka, nazo zimachitira umboni kuti wobisa nkhope amatha kudzudzula zomwe wapamudzi sangazitchule poyera.

Mphamvu yodzudzulayi ndi yomwe yasunga zisudzo za Agiriki mpaka lero, kuposa miyala ya mabwalo awo. Mu 424 BC mlembi wa zisudzo Aristophanes ananyoza m'sewero lake Cleon, mtsogoleri woopedwa wa Athens, pamaso pa mzinda wonse. Cha m'ma 441 BC Sophocles anali atalemba kale Antigone, nkhani ya mtsikana yemwe anaika maliro a mlongo wake mfumu Creon italetsa, poona kuti mwambo wa maliro umaposa lamulo la munthu, ndipo aliyense wodziwa kulemera kwa maliro pamudzi samvutika kumumvetsa. Mu 1973 Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anaitenga nkhaniyi m'sewero la The Island, momwe akaidi awiri a ndale a mu ulamuliro wa tsankho ku South Africa akukonzekera kusewera mlandu wa Antigone pamaso pa akaidi anzawo ndi owalondera.