Chingwe cha intaneti: chikomekome cha nkhuyu

Intaneti ikayamba kudukaduka mu ofesi, woyamba kunyozedwa ndi kampani ya mafoni. Mwini malo ojambulira mapepala mu Vila Ulongué amati netiweki yathawa, mlembi wa kalabu ya alimi a kachewere ku Domué amati kompyuta yakalamba, pamene kalaliki wa pa sukulu amaloza chala magetsi. Koma nthawi zambiri wolakwa amakhala ali phee kuseri kwa tebulo. Ameneyu ndi chingwe chimene chimalumikiza kompyuta ku rauta, kabokosi kogawa intaneti kaja.

Kale nkhani ya zingwe inali ya maofesi akuluakulu a ku Tete ndi ku Maputo. Zinthu zidasintha pamene intaneti idafika m'maboma a kumidzi, makamaka kampani ya Movitel itayamba ntchito zake mu 2012, komanso Starlink itayamba kugulitsa intaneti ya setilaiti mu Mozambique mu 2023. Lero ofesi ya zipinda ziwiri mu Angónia ikhoza kukhala ndi makompyuta anayi, pulinta ndi makamera a chitetezo. Wi-Fi imathandiza, koma makoma a njerwa zootcha amaifooketsa, ndipo makina okhazikika pamalo amodzi amagwira bwino ntchito akakhala pa chingwe.

Chingwechi dzina lake ndi Ethernet, luso limene lidayambika mu 1973 ku kampani ya Xerox ku America, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa adali Robert Metcalfe. M'kati mwake muli timawaya 8 topotedwa tiwiritiwiri. Kupotako si kukongoletsa ayi. Ndiko kumateteza uthenga kuti usasokonezedwe ndi magetsi ena odutsa pafupi.

Wogula akafika pa sitolo amapeza makatoni olembedwa Cat5e, Cat6, Cat6A, Cat7 ndi Cat8, ndipo wogulitsa sachedwa kunena kuti nambala yaikulu ndiyo yothamanga. Zoona zake zili motere. Cat5e imanyamula gigabit imodzi pa sekondi, kutanthauza ma megabit 1,000, pa mtunda wa mamita 100. Cat6 imachita chimodzimodzi, ndipo ikhoza kufika ma gigabit 10 ngati mtunda sukupitirira mamita 55. Cat6A imanyamula ma gigabit 10 mpaka mamita 100, koma ndi yonenepa, youma popinda ndiponso yokwera mtengo. Cat8 adaipangira nyumba zosungiramo makompyuta akuluakulu, ndipo liwiro lake lonse limathera pa mamita 30. Cat7 yeniyeni imafuna mitu ya mtundu wina, yosiyana ndi ya RJ45 imene imalowa m'makompyuta wamba, motero zambiri zogulitsidwa ndi dzinali sizikwaniritsa muyezo wake.

Chofunika kukumbukira n'chakuti chingwe sichiwonjezera liwiro la intaneti yobwera kuchokera kunja. Paipi yaikulu siichulukitsa madzi a pa kasupe. Ngati kampani ikupereka ma megabit 50, ngakhale Cat8 idzapereka 50 omwewo. Mwa ichi, nyumba kapena ofesi yaing'ono ikhoza kukhutira ndi Cat5e, ndipo amene akukhoma zingwe m'makoma kuti zikhale zaka zambiri angachite bwino kuwonjezera pang'ono n'kugula Cat6. Ndalama zotsalazo zili ndi ntchito ina yoposa nambala.

Ntchitoyo ndi kugula mkuwa weniweni. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Pa msika pali zingwe zotchipa zimene timawaya take ndi ta aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Zina zimalembedwa CCA pa katoni, zina sizilembedwa kanthu koma Cat6 wa zilembo zikuluzikulu. Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 6 okha mwa magawo 10 a mkuwa, amathyoka msanga akapindidwa, ndipo amachita dzimbiri loyera pamene wakhudzana ndi mutu wa chingwe. Miyezo ya zingwezi siivomereza CCA ngakhale pang'ono.

Chingwe chotere chimayamba bwino, n'chifukwa chake chimanyenga. Pakapita miyezi, kawaya kamodzi kakathyoka, kompyuta imatsika yokha kuchoka pa gigabit kufika pa ma megabit 100, chifukwa liwiro la gigabit limafuna timawaya tonse 8 pamene la 100 limayenda ndi 4. Nthawi zina imadukiratu. Choopsa kwambiri chili pa makamera ndi zida zina zimene zimalandira magetsi kudzera m'chingwe chomwecho: aluminiyamu amatentha, ndipo kutentha kwa mu siling'i palibe amene amakuona.

Kuyesa kwake n'kosavuta, ndipo kuyenera kuchitika wogula asanapereke ndalama. Apemphe kachidutswa, asende kawaya kamodzi, akapale ndi mpeni. Mkuwa weniweni umakhala wofiirira mpaka m'kati, pamene CCA imaonetsa kuyera ngati kwa poto. Akhozanso kukawotcha ndi machesi: mkuwa umangofiira n'kukhalabe chilili, aluminiyamu amafota n'kugwa. Katoni ya mamita 305 ya CCA imapepukanso kwambiri poyerekeza ndi ya mkuwa. Wogulitsa wokana kudula kachidutswa wayankha kale funso. Kwa munthu amene wakwera galimoto mpaka ku Tete, kapena wadutsa pa chipata cha Calómuè kukagula ku Dedza kapena ku Lilongwe, mphindi ziwiri za kuyesaku zimapulumutsa ulendo wachiwiri.

Palinso kusiyana kwa chingwe cha m'khoma ndi cha pa tebulo. Cha m'khoma chimakhala ndi timawaya tolimba ta mtima umodzi, ndipo sichifuna kupindidwapindidwa. Chachifupi chochoka pa khoma kupita ku kompyuta chimakhala cha tinsinga tambirimbiri tofewa. Muyezo umalola mamita 90 a m'khoma ndi mamita 10 a zifupizifupi, onse pamodzi 100. Kupitirira apo pamafunika switch pakati.

Dera la mapiri ngati Angónia lili ndi adani akeake a chingwe. Woyamba ndi mphenzi. Dzinja likafika, waya wa mkuwa woyalidwa m'mwamba kuchoka pa ofesi kupita ku nyumba ina amasanduka msewu wa moto. Mphenzi siifunika kugunda chingwecho. Ikagwa pafupi, mphamvu yake imalowa m'waya n'kupsereza rauta, switch ndi makompyuta a mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Pakati pa nyumba ziwiri, chabwino ndi chingwe cha faiba, chimene m'kati mwake ndi galasi ndipo sichidutsitsa magetsi. Ngati ndalama sizilola, pafunika zotetezera mphenzi ku mapeto onse awiri, zolumikizidwa bwino ku nthaka, ndiponso chizolowezi chozula chingwe mitambo ikayamba kugunda.

Mdani wachiwiri ndi khoswe. Kumene kuli matumba a chimanga, makoswe sasowa, ndipo pulasitiki ya chingwe amaitafuna ngati chinangwa. Chingwe cha mu siling'i kapena cha m'nkhokwe chiyenera kudutsa m'paipi. Wachitatu ndi dzuwa. Chingwe cha m'nyumba chikayalidwa panja chimauma, chimang'aluka, madzi n'kulowa. Cha panja chimakhala ndi khungu lakuda lolimba, ndipo chimalembedwa kuti ndi cha panja.

Wotsiriza ndi mmisiri wothamanga. Chingwe chabwino chimaonongeka ndi manja oipa: kuchikhomera ndi misomali mpaka kuphwatalala, kuchipinda pa ngodya ngati waya wa mpanda, kuchimangirira pamodzi ndi waya wa magetsi, kapena kumasula zopota zija motalika poika mutu. Muyezo umati zisamasulidwe kupitirira mamilimita 13, ndipo mitundu ya timawaya isanjidwe mofanana ku mapeto onse awiri. Mmisiri wodziwa ntchito amayenda ndi kachida koyesera kamene kamayatsa timagetsi 8 motsatana. Mwini ofesi ali ndi ufulu woona timagetsi tonseto tikuyaka asanalipire, kenaka n'kuyang'ana pa kompyuta ngati yalemba 1,000 osati 100.

Mlimi wa kuno sagula mbewu ya kachewere poyang'ana thumba. Amamasula, nagwira, nadula imodzi kuti aone m'kati. Wogula chingwe naye atenge mpeni wake popita ku sitolo.