NYUMBA ZA AMALONDA AKALE ZILANDIRA ALENDO PA DOKO LA TOMONOURA

Nyumba yopanda munthu sicedwa kugwa. Denga likayamba kudontha palibe woliona, ciswe cimalowa m'nsanamira, ndipo zikapita zaka zowerengeka pamatsala bwinja. Vuto limeneli lakula kwambiri m'dziko la Japan. Kalembera amene boma la dzikolo linacita m'caka ca 2023 anapeza nyumba 9 miliyoni zopanda anthu, ndiye kuti pafupi-fupi nyumba 14 pa nyumba 100 zilizonse. Zina mwa izo zikudikira ozigula kapena ocita lendi, koma zina zambiri ndi zosiyidwa: eni ake anamwalira, ndipo ana anapita kukagwira nchito ku mizinda ikulu-ikulu monga Tokyo ndi Osaka.

Sabata ino tikufuna kuuza awerengi athu za kamzinda kena ka m'mphepete mwa nyanja kumene anthu anapeza njira yopulumutsira zina mwa nyumba zotere. Amazikonzanso monga mmene zinaliri kale, nagonekamo alendo olipira.

Kamzindako dzina lake ndi Tomonoura. Kali m'cigawo ca Hiroshima, makilomita pafupi 14 kumwera kwa mzinda wa Fukuyama, ulendo wa theka la ola pa basi. Nyanja yake ndi yamcere, yochedwa Seto, imene ili pakati pa zilumba zikulu-zikulu za Japan. Madzi a nyanja yamcere amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo pa nyanja ya Seto madzi ocokera kum'mawa amakumana ndi ocokera kumadzulo cakufupi ndi Tomonoura. Kale zombo zinkayenda ndi mphepo komanso mphamvu ya madzi. Cotero zinkalowa pa dokoli madzi akamakwera, n'kudikira kuti ayambe kutsika kuti zipitirize ulendo. Kudikira kumeneko ndiko kunalemeretsa mzindawo, pakuti amalinyero anafunika cakudya, pogona ndi posungira katundu.

Zizindikiro za nthawi imeneyo zikalipo. Pa doko pali nsanja yamiyala ya nyali younikira zombo imene inamangidwa m'caka ca 1859, ndiponso makwerero amiyala otsikira m'madzi, amene zombo zinkatsitsirapo katundu kaya madzi akwera kaya atsika. Pa kacisi wa Fukuzenji pali nyumba imene ankafikiramo akazembe ocokera ku Korea, ndipo amene anadza m'caka ca 1711 anatamanda kukongola kwa nyanja ndi zilumba zooneka pa zenera lake. Mzindawo ndi wochukanso ndi mowa wa mankhwala wochedwa homeishu, umene unayamba kufulidwa m'caka ca 1659 ndipo amathiramo zitsamba za mitundu 16.

Zitafika zombo zoyendera moto, kudikira madzi kunatha nchito. Njanji nayo inadzera ku Fukuyama m'caka ca 1891, ndipo malonda anatsata njanji. Koma kuiwalika komweko ndiko kunasunga nyumba zakale, popeza panalibe amene anafuna kuzigumula kuti amangepo zazitali.

Nyumba zimenezi Ajapani amazicha maciya, polemba m'zilembo zathu amalemba machiya. Ndi nyumba za amalonda ndi amisiri, zopapatiza kumaso koma zazitali kulowa m'kati. Kumaso, koyang'ana ku mseu, kunali sitolo. Pakati banja linkakhalapo, ndipo kumbuyo kunali nkhokwe ya zipupa zocindikala yosungiramo katundu kuopa moto. Kanjira ka dothi kamayenda m'mbali kucokera kukhomo kufikira kumbuyo, ndipo nthawi zambiri pamakhala kabwalo kakang'ono ka mitengo ndi miyala kolowetsa kuwala ndi mphepo. Mitanda ndi nsanamira amazilumikiza pozisema kuti zilowerane, misomali imakhala yocepa. Zipupa amaluka nsungwi n'kumatapo dothi losakaniza ndi udzu wa mpunga. Aliyense amene anamatapo nyumba ya mitengo adziwa kuti cipupa cotere cimafuna dzanja la mwini wake caka ndi caka.

Nanga mlendo wogona m'nyumba yotere amapeza ciani? Coyamba amavula nsapato pakhomo, pakuti kuponda ndi nsapato m'kati ndi mwano waukulu. Pansi pa zipinda pamakhala mikeka yocindikala yochedwa tatami, imene pamwamba pake amaluka ndi udzu wonga mlulu. Dera la Fukuyama lomweli ndi lochuka kuyambira kale ndi kuluka mikeka imeneyi. Zitseko za m'kati ndi za timatabwa ndi mapepala, zocita kukankhira m'mbali. Usiku amayala matiresi pamkekapo, m'mawa amawapinda kuti cipinda cigwire nchito ina, ngakhale kuti nyumba zina tsopano zili ndi mabedi. Kubafa mlendo amayamba wasamba ndi sopo pambali, natsukuluza thupi lonse, kenaka ndi pamene amalowa m'madzi otentha kukapumula. Cakudya cake ndi mpunga, msuzi wa soya ndi nsomba za m'nyanja yomweyo, maka-maka nsomba yofiira yochedwa tai, imene asodzi a ku Tomonoura amaikokera makoka m'mwezi wa May.

Okonza nyumbazi amasunga mitanda, zipupa ndi maonekedwe a kumaso, koma amaikamo magetsi, mipope ya madzi, zimbudzi zamakono ndi zotenthetsera. Amalimbitsanso nyumbayo cifukwa ca zibvomezi zimene sizisowa m'dzikolo. Komabe mlendo ayenera kudziwa kuti makwerero ake ndi oimirira, mitanda ina ili m'munsi mwakuti wamtali amagunda mutu, ndipo zipupa zimadutsa mau. Khomo loyandikana nalo mumakhala anthu a komweko, ambiri okalamba, amene safuna phokoso usiku. Paja akulu anati mlendo ndi mame, cotero asasiye madandaulo kwa otsala.

Imodzi mwa nyumba zoyamba kukonzedwa motere ndi Onfunayado Iroha, imene gulu la anthu a mumzindamo linaikonza n'kuitsegula m'caka ca 2008. Mbiri yake ndi iyi. M'caka ca 1867 sitima yochedwa Iroha Maru inagundana ndi sitima ya mafumu a ku Kishu ndipo inamira. Mtsogoleri wa anthu a m'sitima yomirayo, Sakamoto Ryoma, amene Ajapani amamulemekeza cifukwa ca mbali imene anacita pothetsa ulamuliro wakale wa asilikali, anatsikira pa Tomonoura, ndipo zokambirana zina za mlanduwo zinacitikira m'nyumba imeneyi. Wopanga mafilimu wochuka, Miyazaki Hayao, nayenso anakhalako kumzindaku m'caka ca 2005, ndipo filimu yake ya Ponyo, imene inatuluka m'caka ca 2008, inakopa alendo ambiri kudzaona dokolo.

Kusunga mzindawu sikunali kwa mtendere ai. Miseu yake ndi yopapatiza kwambiri mwakuti m'malo ena magalimoto awiri sangapatukirane. M'caka ca 1983 boma la cigawo linakonza zokwirira mbali ina ya doko ndi kumangapo ulalo. Anthu anagawikana. Ena anaufuna ulalowo, ponena kuti ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto zimacedwa, ana amayenda moopa, ndipo acinyamata akuthawa mzinda. Ena anati doko likakwiriridwa silidzabweranso, ndipo anakasuma ku khoti. Pa 1 October, 2009, khoti la ku Hiroshima linaletsa kupereka cilolezo cokwirira, ponena kuti maonekedwe a dokolo ndi cuma ca anthu a dziko lonse. M'caka ca 2012 bwanamkubwa wa cigawoco, Yuzaki Hidehiko, analeka ganizo la ulalo, ndipo m'caka ca 2017 boma la Japan linaika mbali yakale ya mzindawo m'gulu la malo otetezedwa. M'malo mwa ulalo anaboola phiri, ndipo mseu wa pansi pa phirilo, wa makilomita pafupi 2, unatsegulidwa m'caka ca 2025.

Ndalama imene mlendo amalipira imathandiza kukonza denga, imapatsa nchito mmisiri wa matabwa, womata zipupa, wophika ndi msodzi, ndiponso imacititsa kuti acinyamata ena aone cifukwa cophunzirira maluso a makolo ao. Koma nkhani siinathere pamenepa. Anthu a ku Tomonoura akuceperacepera, ndipo nyumba zosiyidwa zikali zambiri kuposa zokonzedwa. Mlendo amagona usiku umodzi kapena uwiri n'kupita. Wosesa pakhomo m'mawa, wotumiza ana ku sukulu ndi wonyamula zinthu za kacisi pa tsiku la cikondwerero ayenera kukhala wa pompo. Mabanja atsopano akapanda kudzakhazikika, nyumbazo zidzaima bwino lomwe, koma wolonjera alendo pakhomo adzasowa.