Mafilimu a Zochitika Zenizeni Amene Adaphikidwa Modekha

M'tizipinda ta vidiyo ta m'misika yathu, momwe anyamata amalipira kandalama pakhomo kuti akaone akatswiri a nkhonya a ku China akuyankhula Chichewa, mafilimu amene amadzaza mabenchi ndi a nthano zopeka, za mfiti za ku Nigeria ndi za asilikali osalowa chipolopolo. Koma ulipo mtundu wina wa kanema, umene wolira amalira misozi yake ndithu, ndipo wakufa sadzuka wojambula akazimitsa kamera. Ambiri amauyesa wogwetsa ulesi, ndipo sitingawatsutse kwenikweni, pakuti ochuluka mwa mafilimu otere amapangidwa ndi alendo aphuma, amene amatsika ndege Lolemba, nafunsa mafunso Lachiwiri, pofika Loweruka n'kukhala atabwerera kwawo ndi nkhani imene adali ataiweruza kale asananyamuke. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo muyeso umenewo ndiwo ine ndimayesera filimu iliyonse ya mtunduwu: kodi mwini kamera adakhala nthawi yaitali bwanji pakati pa anthu amene akutionetsa?

Pa kudekha palibe angapose Leon Gast wa ku America, amene adapita ku Kinshasa m'chaka cha 1974 kukajambula chikondwerero cha nyimbo chimene chidakonzedwa kuti chitsogolere nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman. Foreman atang'ambika pamwamba pa diso pokonzekera, nkhonyayo idasunthidwa kufikira pa 30 Okutobala, ndipo masabata a kudikira aja adapatsa Gast chuma chimene sadachiyembekeze: Ali wa zaka 32, amene akatswiri ambiri ankamuyesa wopita kukaphedwa ndi mnyamata wa zaka 25, akuthamanga m'misewu ya mzindawo, akuseka ndi ana, nakopa mitima ya Azaire mwa pakamwa pokha. Nkhonyayo idayamba 4 koloko m'bandakucha kuti a ku America aione madzulo kwawo, ndipo Ali, atatsamira zingwe n'kumusiya mnzakeyo kuti adzitopetse yekha, adamugwetsa m'chigawo chachisanu ndi chitatu. Koma zithunzizo zidagonera zaka 22 chifukwa cha kusowa ndalama ndi milandu ya umwini, kufikira When We Were Kings idatuluka mu 1996, nilandira mphotho ya Oscar chaka chotsatira. Woonera wochenjera asaiwale kuyang'ana kuseri kwa chisangalalocho, kumene kwaima Mobutu Sese Seko, amene adaitanira masewerowo m'dziko lake kuti dzina lake limveke kunja, anthu ake ali pa umphawi.

Imene ndimaiika pamwamba pa onse, komabe, ilibe nkhonya kapena nyimbo, ili ndi misonkhano yokhayokha. Chisankho chamagazi cha 2008 chitatha ku Zimbabwe, ndipo Robert Mugabe ndi Morgan Tsvangirai atakakamizika kukhala m'boma limodzi, padasankhidwa anthu oti atsogolere ntchito yolemba malamulo atsopano oyendetsera dziko. Pakati pawo padali Paul Mangwana wa ZANU-PF ndi Douglas Mwonzora wa MDC, onse awiri maloya. Mayi wa ku Denmark, Camilla Nielsson, adawatsata zaka zitatu, m'galimoto, m'mahotela ndi m'misonkhano ya kumidzi, mpaka iwo adazolowera kamera naleka kuichitira manyazi. M'filimu yake, Democrats, ya 2014, timaona anthu akutengedwa pa mabasi ataphunzitsidwa kale zokayankha. Timaona Mwonzora akumangidwa ntchito ili pakati. Ndipo, chimene wolemba nthano aliyense akadaopa kuchipeka, timaona Mangwana, munthu wa nthabwala ndi wodzidalira uja, atagwidwa ndi mantha pamene a chipani chake chomwe ayamba kumuyesa wogulitsa, ndipo amene akumuthandiza kupeza potulukira ndi mdani wake yemwe uja. Malamulowo adavomerezedwa pa riferendamu ya Malichi 2013. Filimuyo boma lidailetsa, ndipo chiletsocho chidachotsedwa ndi khoti mu 2018. Amalawi amene adaponya voti pa 14 Juni 1993, naona malamulo a dziko lathu akulembedwa mwaliwiro pambuyo pake, adzazindikira zambiri m'menemo, ngakhale sindinena kuti mbiri ziwirizi n'zofanana.

Za kwathu kuno zilipo ziwiri zimene zidapsa bwino. William and the Windmill, ya 2013, si filimu ya sewero ija ya Chiwetel Ejiofor imene ambiri adaiona mu 2019. Ben Nabors adatsata William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, kwa zaka zisanu, kuyambira pamene makina ake a mphepo adali atatchuka kale, nafunsa funso limene sewero lija silidafikeko: chimamuchitikira n'chiyani mwana wa mlimi dziko lonse likamunyamula pa mapewa, akuchoka ku Kasungu kupita ku sukulu ya ku Johannesburg, kenaka ku Dartmouth College, kumudzi abale akuyembekeza thandizo, kunja azungu akuyembekeza chozizwitsa china? Nkhope ya William ikakhala chete m'filimuyi imanena zambiri kuposa mawu a onse omuyamikira.

Inayo ndi The Ants and the Grasshopper, ya 2021, ya Raj Patel ndi Zak Piper, imene imatembenuza ulendo umene tidauzolowera; pakuti m'malo moti mzungu abwere kudzatiphunzitsa, ndi Anita Chitaya, mlimi wa m'mudzi wa Bwabwa kufupi ndi Ekwendeni, amene akukwera ndege pamodzi ndi Esther Lupafya kupita ku America, kukauza alimi a minda ikuluikulu kuti utsi wa dziko lawo ukuumitsa mitsinje ya kwathu. Mayiyu, amene kumudzi kwawo amaphunzitsa kubzala nandolo ndi mtedza pakati pa chimanga, nalimbana ndi abambo okana kugwira mthiko, amafunsa mafunso ake mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo; ndipo pamene ena mwa omulandirawo akuyankha kuti nyengo imasintha yokha mwa chifuniro cha Mulungu, iye, pokhala munthu wopemphera, amawayankha kuchokera m'chikhulupiriro chomwecho. Sabwerako atatembenuza mitima yambiri, ndipo opanga filimuyo adachita bwino posabisa zimenezo.

Miners Shot Down, ya Rehad Desai, ya 2014, ndi yosayenera kuonera pamodzi ndi ana. Imalondola tsiku ndi tsiku sabata imene idathera pa 16 Ogasiti 2012, pamene apolisi a ku South Africa adawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mu mgodi wa Lonmin ku Marikana, amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro a R12,500 pa mwezi. Mabanja amene agogo awo adapita ku Joni pa Wenela ali ndi chifukwa chawochawo choionera.

Pali ina yotchuka imene ndimaitchula ndi chenjezo. Darwin's Nightmare, ya Hubert Sauper, ya 2004, imasimba za nsomba yaikulu yolusa imene idaikidwa m'nyanja ya Victoria nimeza mitundu yambirimbiri ya tinsomba ta m'menemo, abale ake a chambo ndi mbuna zathu. Minofu yake imakwera ndege ku Mwanza, ku Tanzania, kupita ku Ulaya, osauka a m'mbali mwa nyanja n'kutsala ndi mitu ndi minga. Zithunzi zake n'zosaiwalika, ndipo aliyense wodera nkhawa nyanja yathu aione. Koma ganizo lake lakuti ndegezo zimabwera ndi zida za nkhondo filimuyo imangolinunkhiza popanda kulitsimikiza, ndipo boma la Tanzania pamodzi ndi anthu ambiri a ku Mwanza adadandaula kuti mzinda wawo udaonetsedwa ngati mulibe munthu mmodzi yemwe wokhala bwino. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo kamera nayonso ikhoza kutero, pakuti imaona kokha kumene mwini wake wailozetsa.

Wowerenga amene ali ndi madzulo amodzi okha ayambe ndi Democrats. Ndipo aphunzitsi a m'sukulu za sekondale, pamodzi ndi alangizi a zaulimi amene ali ndi njira yopezera kanema ndi magetsi, ayesetse kupeza filimu ya mayi Chitaya kuti akaionetse kwa alimi anzake, mvula isanagwe.