Mphete ya dayamondi: musalipire zomwe diso siliona

Anyamata amene mukusaka mphete ya chinkhoswe, ndikutsineni khutu. Chimodzi mwa zomwe zimakweza mtengo wa dayamondi ndi kuchepa kwa timadontho tamkati mwake. Bungwe la GIA la ku America lili ndi magiredi 11, kuyambira FL, wopanda banga, mpaka I3. Poyeza amagwiritsa ntchito galasi lokulitsa ka 10.

Nkhani yagona apa: timadontho ta VS2 ndi SI1 nthawi zambiri sitioneka ndi maso, koma mtengo wake ndi wotsika kuposa wa VVS. Ine ndimati sankhani pamenepo basi. Pewani I2 ndi I3, ming'alu yake imaonekera ndipo mwala umatha kubenthuka.

Musanatulutse ndalama, funsani setifiketi, mwalawo muuyang'anenso powala. Zotsalazo zikathandize paukwati.